Kafukufuku wa IDS: zimene amanena za umoyo wa amayi, ana ndi atsikana

IDS, kapena kuti Inquérito Demográfico e de Saúde, ndi kafukufuku wamkulu wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo m'dziko la Mozambique. Amayendetsedwa ndi bungwe la Instituto Nacional de Estatística (INE) mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo (MISAU). Wachitika m'zaka za 1997, 2003, 2011 ndi 2022-2023. Ku Malawi, kafukufuku wa mtundu womwewu amachitidwa ndi ofesi ya kalembera ya ku Zomba, choncho ziwerengero za mbali zonse za malire zimatheka kuziyerekeza.

Mmene amachitikira

Ofufuza salowa nyumba iliyonse ngati pa kalembera. Amasankha mwamaere midzi ndi mabanja oimira dziko lonse. Amacheza ndi amayi a zaka 15 mpaka 49 komanso amuna, amayeza msinkhu ndi kulemera kwa ana osafika zaka zisanu, ndipo amatenga kadontho ka magazi poyeza malungo ndi kuchepa kwa magazi. Pofuna kudziwa imfa za uchembere, amafunsa munthu za abale ake aakazi a bere limodzi: ngati wina anamwalira, kodi anali woyembekezera, anali pobereka, kapena anali atangochira kumene? Munthu amayankha mwa kufuna kwake, ndipo dzina lake silituluka. Zotsatira zimaperekedwa za dziko lonse ndi za chigawo chilichonse, kotero Mecanhelas amawerengedwa pamodzi ndi maboma ena a Niassa.

Zimene wapeza

Mu 2011, pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 408 ankamwalira chifukwa cha uchembere. Mu 2022-2023 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 233. Ana omwalira asanakwane zaka zisanu anachoka pa 97 kufika pa 60 pa ana 1,000 alionse. Ana opinimbira chifukwa chosowa chakudya choyenera anali 43 pa 100 alionse, tsopano ndi 37.

Chimene sichinasunthe kwenikweni ndi mimba za atsikana. Mu 2011, atsikana pafupifupi 38 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Kafukufuku womaliza wapeza 36. Vutoli ndi lalikulu kumidzi kuposa m'mizinda.

Chifukwa chake ndi nkhani yaikulu

Mtsikana wamng'ono chiuno chake chimakhala chisanakhwime. Mwana amatha kukanika kutuluka, ndipo matenda akatalika mayi amang'ambika njira ya mkodzo, vuto lotchedwa fistula. Atsikana otere amakumananso kawirikawiri ndi kuthamanga kwa magazi, kukomoka, ndi kubereka ana osakwana masiku kapena ochepa thupi. Ambiri amasiyira sukulu pomwepo. Nchifukwa chake mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo nambala 19/2019, loletsa ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18. Lamuloli limalanga wokwatirayo, komanso makolo kapena atsogoleri amene avomereza.

Zimene banja lingachite

Zimene zimapha amayi kwambiri ndi kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi ndi matenda olowa pambuyo pobereka, ndipo zonsezi zimafuna namwino pafupi. Kuyambira 2016, bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, limalangiza kuti mayi woyembekezera aonedwe kasanu ndi katatu, kuyambira m'miyezi itatu yoyamba. Kusikelo amalandira neti, mapiritsi oonjezera magazi ndi Fansidar woteteza ku malungo, amene amavuta kwambiri m'midzi ya kufupi ndi nyanja za Chiuta ndi Chilwa. Amene amakhala kutali ndi chipatala cha ku Insaca kapena cha kwawo ayenera kupita kuchidikiro masiku asanakwane, makamaka m'dzinja pamene misewu imaduka. Mayi amene amayendera mbali zonse, monga ku Entre-Lagos ndi ku Nayuchi, asasiye khadi lake la sikelo ndi la katemera wa mwana, kuti namwino wa mbali iliyonse aone zimene zinachitika kale. Achinyamata angapeze uphungu ndi njira za kulera mwachinsinsi kumalo otchedwa SAAJ m'zipatala za boma.