Kachipolopolo kolemera ngati mtedza

Anzanga a m'kalabu, sungani chaka ichi m'mutu: 1896. Mu Epulo chaka chimenecho, ku Athens m'dziko la Greece kunachitika masewera a Olimpiki oyamba a masiku ano, ndipo kuwombera chandamale kunali amodzi mwa masewerawo. Mu Okutobala chaka chomwecho, kuno kwathu asilikali a atsamunda anawombera ndi kupha Inkosi Gomani Chikuse, amene timawakumbukira ku Nkolimbo pa Umhlangano. Chaka chimodzi, mfuti ntchito ziwiri. Ife a ku Ntcheu tinangoona yachiwiriyo, n'chifukwa chake ambiri mwa inu mudabwa kumva kuti kuli anthu amene moyo wawo wonse amangoboola pepala ndi chipolopolo, n'kumalandira mendulo.

Tiyambe ndi legeni, poti yomweyo ndiye timaidziwa. Munatolerapo miyala kumtsinje eti? Wina wobulungira, wina waphanthiphanthi, wina wolemera. Dzanja ndi lomwelo, diso ndi lomwelo, koma uliwonse umapita kwake. Anyamata ochenjera ankaumba timipira tadothi tofanana n'kutiyanika padzuwa. Nkhani yonse ya zipolopolo zampikisano yagona pamenepo basi: chilichonse chifanane ndi chinzake.

Gogodera wa azigogo analibe mwayi umenewu. Wonga ankathira chakukamwa kwa mfuti mongoyerekeza, n'kutsendera, chipolopolo n'kukhala kachitsulo kalikonse kamene kapezeka. Kuwombera kawiri mofanana kunali kosatheka.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1845 pamene Mfalansa wina, Louis-Nicolas Flobert, anapanga kachipolopolo kokhala ndi kachibekete kake kachitsulo. Mankhwala oyatsa moto anawaika m'mphepete mwa tsinde la kachibeketeko, moti kansonga ka mfuti kakamenya m'mphepetemo moto umabuka. Pachingerezi mtundu umenewu amati rimfire. Mu 1857 kampani ya Smith & Wesson ku America inatulutsa .22 Short, ndipo mu 1887 kampani ya Stevens inabweretsa .22 Long Rifle, imene mpaka lero ndiyo amagwiritsa ntchito pa mpikisano wa mamita 50. Mtovu wake ndi wa mamilimita 5.6 m'mimba mwake, wolemera pafupifupi magalamu 2.6. Njere zochepa za mtedza, ndithu.

Chinatchukitsa kachipolopoloka ku Britain si masewera ayi, koma manyazi. Pa nkhondo ya ku South Africa ya 1899 mpaka 1902, Mabunu, omwe ambiri anali alimi wamba, ankalasa bwino kuposa asilikali a Britain. Mkulu wa asilikali, Lord Roberts, analimbikitsa kuti anthu wamba akhale ndi makalabu ophunzira kuwombera ndi timfuti ta .22, popeza n'totchipa komanso sitifuna bwalo lalikulu. Makalabuwo anachuluka, mpikisano n'kukula, anthu n'kuyamba kudandaula kuti zipolopolo zikuwagwiritsa fuwa la moto.

Vuto lake ndi ili. Mankhwala aja akachuluka mbali imodzi ya m'mphepete n'kuchepa mbali ina, moto subuka mofanana, liwiro limasiyana, ndipo chipolopolo china chimagwera m'munsi, china m'mwamba. Pakati penipeni pa chandamale cha mamita 50, pamene pali mapointi 10, ndi potambalala mamilimita 10.4 okha. Yang'anani chikhadabo chanu cha kachala kakanise, ndiye muchiike pakati pa bwalo la mpira inu muli pagolo. Mu 1951 kampani ya Eley ya ku England inatulutsa zipolopolo zotchedwa Tenex, zopangidwira ntchito imeneyi, ndipo pano zimapikisana ndi za Lapua ndi RWS.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti zipolopolo zampikisano amazichepetsa liwiro dala. Zimatuluka pa mamita pafupifupi 330 pa sekondi, kutsikirapo pang'ono pa liwiro la phokoso lomwe ndi mamita 343. Chipolopolo chikapyola liwiro la phokoso kenako n'kutsikanso chili m'njira, chimagwedezeka. Ndiye chothamangitsitsa si ndicho cholasa bwino.

Ngakhale zili choncho, akatswiri sakhulupirira dzina la pabokosi. Amatenga mfuti yawo kupita nayo kumalo oyesera, kuimanga pachitsulo kuti dzanja la munthu lisalowererepo, n'kuwombera zipolopolo za magulu osiyanasiyana a fakitale imodzimodziyo. Gulu limene mabowo ake aunjikana pamodzi ndilo amagula lambiri, chifukwa limene lagwirizana ndi mfuti yanu likhoza kumwazika mu ya mnzanu.

Kuno kwathu mawu akuti achinyamata ndi mfuti akakhala pamodzi, akuluakulu amakumbukira a Payoniya, amene asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani. Musadabwe agogo akakwinya nkhope mukamawawerengera nkhaniyi. Ndipo pasapezeke wina wokafunafuna .22 poti wawerenga pano: kachipolopolo kameneka kamapha munthu, ndipo kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi ndi mlandu m'Malawi muno.