Makola, Magalaja ndi Nthawi: Mbiri ya Mabasi a mu London

Mlendo woima m'mbali mwa msewu mu mzinda wa London amaona basi yofiira ikufika, ndipo patapita mphindi zowerengeka ina ya nambala yomweyo imatulukira, kotero kuti angayese kuti mabasiwo amangodziyendera monga madzi a mumtsinje. Koma basi iliyonse ili ndi nyumba imene imagona, ili ndi nthawi yake yotulukira imene inalembedwa kale, ndiponso ili ndi tsiku lake lolowa m'manja mwa amisiri. Mawu awiri ayenera kulekanitsidwa poyamba. M'Chichewa cha masiku onse depoti ndi malo okwererapo basi. Koma nyumba imene ikunenedwa m'nkhani ino ndi ina, kumene aulendo safikako, kumene mabasi amatsukidwa, kuthiridwa mafuta ndi kukonzedwa usiku. Anthu a ku London amaitcha galaja, ndipo kholo lake la galaja ndilo khola la akavalo.

Basi yoyamba ya mu London inayenda pa 4 July 1829. Mwini wake anali George Shillibeer, mmisiri wopanga ngolo, amene anaona mayendedwe otere ku Paris. Inali ngolo yaitali yokokedwa ndi akavalo atatu, yonyamula anthu ngati 20, ndipo inkachoka ku Paddington kunka ku Bank pa mtengo wa sheleni imodzi. Ena ataona kuti muli phindu anagula ngolo zawo, ndipo posakhalitsa misewu inadzaza ndi oyendetsa othamangitsana ndi kulandana aulendo. Eni ngolo sanachedwe kuzindikira kuti mpikisano wotere ukuwasaukitsa onse, pakuti ngolo zitatu zofika pamodzi zimagawana anthu amene ngolo imodzi ikanawanyamula, ndipo zikadutsa msewu umakhala wopanda kanthu nthawi yaitali. Chifukwa chake anapangana m'magulu, gulu lililonse ndi msewu wake, nagawana nthawi zonyamukira. Nthawi imeneyi inasanduka chuma chenicheni, chokhoza kugulidwa ndi kugulitsidwa monga ng'ombe. Munthu wobwera ndi ngolo yake osagula nthawi ankapanikizidwa ndi ngolo za gulu, ina patsogolo ina pambuyo, tsiku ndi tsiku, kufikira atatopa ndi kutaya ndalama.

Mu 1855 kunakhazikitsidwa ku Paris kampani imene inadzadziwika ndi dzina la London General Omnibus Company, kapena mwachidule General. Inayamba ntchito mu January 1856, ndipo chaka chisanathe inali itagula mabasi pafupifupi 600 pamodzi ndi nthawi zawo. Chimene chinkasowetsa tulo akulu a kampaniyi sichinali ngolo ayi, koma kavalo. Basi ya masiku amenewo inkakokedwa ndi akavalo awiri, koma awiriwo sakanatha kugwira tsiku lonse. Ankakoka maora atatu kapena anayi nabwerera kukhola, ndipo ena awiri ankalowa m'malo mwawo. Powerengera odwala ndi opumula, basi imodzi inkafuna akavalo 11 kapena 12, kotero kuti cha m'ma 1900 General inali ndi akavalo oposa 16,000. Nyama zonsezi zinkadya tsiku lililonse, zagwira ntchito kapena ayi, ndipo m'chakudya chawo munali chimanga chochokera kutsidya la nyanja chosakaniza ndi udzu wouma wodula. Mtengo wa chakudya ukakwera, phindu la kampani linkatsika. Kavalo mwini ankatha mphamvu patapita zaka zinayi kapena zisanu za kukoka katundu wolemera pa misewu yolimba.

Popeza akavalo ankasinthidwa kangapo pa tsiku, khola linayenera kukhala pafupi ndi msewu umene iwo ankagwirako ntchito. Mtunda uliwonse woyenda popanda aulendo unali kudya mphamvu ya nyama pachabe. Ndicho chifukwa chake makola anali ambiri, ang'onoang'ono, omwazikana mu mzinda wonse. Lamulo limeneli silinafe pamodzi ndi akavalo. Kufikira lero wogawa mabasi amawerenga mtunda wochokera ku galaja kufika poyambira ulendo monga ndalama zotayika, ndipo amapereka msewu ku galaja yoyandikana nawo.

Mabasi a injini oyambirira ankafa pamsewu kawirikawiri, ndipo anali a mitundu yambiri, uliwonse ndi zitsulo zake. General, itameza makampani awiri opikisana nayo mu 1908, inaganiza zopanga basi yakeyake ku Walthamstow, ntchito imene anaitsogolera Frank Searle. Mu 1910 inatuluka basi yotchedwa B-type, ya mipando 34, ndipo anapanga zoposa 2,500. Ubwino wake waukulu unali wakuti zonse zinali zofanana: chitsulo chochotsedwa pa basi ina chinkalowa pa inzake popanda kuchipala. Basi yotsiriza ya akavalo ya General inayenda pa 25 October 1911. Makola ambiri aja anatsekedwa, ndipo m'malo mwake munabwera magalaja ochepa koma aakulu, pakuti injini sitopa masana monga kavalo.

Poyamba galaja iliyonse inkaphwasula ndi kumanganso mabasi ake chaka ndi chaka, popeza apolisi a mzindawo sankapereka chiphaso chatsopano asanayese basi. Ntchitoyo inkatsekera basi m'nyumba masiku ambiri. Mu 1921 General inatsegula malo amodzi aakulu ku Chiswick kumene mabasi onse ankapita kukakonzedwa, mmisiri aliyense ndi gawo lake, ndipo magalaja anatsala ndi ntchito za tsiku ndi tsiku zokha. Komwekonso ndiko ankaphunzitsira madalaivala, pabwalo lothiridwa madzi dala kuti munthu adziwe chochita basi ikayamba kutererera.

Mkangano wakale wa nthawi unabukanso mu August 1922, pamene Arthur Partridge anaika pamsewu basi yake yotchedwa Chocolate Express. Ena ambiri anamtsata, ndipo anthu anawatcha achifwamba, ngakhale kuti sankaswa lamulo lililonse ndipo ambiri a mabasi awo anali aukhondo. Mlandu wawo unali wakuti ankasankha misewu yonona ndi maora a anthu ambiri, nasiyira General misewu yowonda ndi maulendo a usiku. Ena ankatembenuka pakati pa ulendo akaona khamu kutsidya lina la msewu. Lamulo la 1924 linaika malire pa chiwerengero cha mabasi m'misewu ikuluikulu, nalamula kuti ndandanda ya nthawi iperekedwe kwa apolisi. Pa 1 July 1933 mabasi, sitima za pansi pa nthaka ndi ma tram, ndiwo magaleta a magetsi oyenda pa njanji za m'misewu, zonse zinalowa pansi pa bungwe limodzi, London Passenger Transport Board, limene mkulu wake anali Lord Ashfield, wothandizidwa ndi Frank Pick. Anthu ankalitcha London Transport.

M'masiku a bungwe limeneli kagawidwe ka mabasi kanafika pake. Galaja iliyonse inali ndi chizindikiro cha chilembo chimodzi kapena ziwiri: Q inali Camberwell, BN inali Brixton. M'mbali mwa basi, pafupi ndi chizindikirocho, ankalowetsa kachitsulo ka nambala ina, imene sinali nambala ya msewu kapena ya basi yeniyeniyo, koma ya ntchito imene basiyo yapatsidwa tsikulo. Woyang'anira woima pamphambano ndi buku lake akaona BN 7 ankadziwa mphindi imene iyenera kudutsa, ndipo ikachedwa kwambiri ankakhoza kuitembenuza isanafike kumapeto kuti ipeze nthawi yake pobwerera. Mawa lake basi ina inkakhoza kunyamula kachitsulo komweko. Nthawi ija imene eni ngolo ankagulitsana inali itasanduka kachitsulo kolowa m'thumba.

Kawerengedwe kake ndi masamu oti mphunzitsi angawalembe pa bolodi. Ulendo wopita ndi kubwerera, pamodzi ndi kupuma kumapeto, ukatenga mphindi 120, ndipo pakafunika kuti basi izidutsa mphindi 6 zilizonse, msewuwo ufuna mabasi 20. Magalimoto akachuluka ulendo nkufika mphindi 132, pafunika mabasi 22, ndi anthu owayendetsa, chonsecho aulendo sanaonjezeke ngakhale mmodzi. Masana, anthu ali kuntchito, basi ya mphindi 10 zilizonse ikwanira, ndiye kuti mabasi 12 okha mwa 20 aja. 8 otsalawo abwerera ku galaja kukadikira madzulo. Apa ndipo pagona vuto lenileni la ntchitoyi, pakuti bungwe limagula mabasi molingana ndi maora ochepa a m'mawa ndi madzulo, ndipo dalaivala wina amagwira ntchito yoduka pakati, m'mamawa ndi madzulo, tsiku lake lonse nkuthera pomwepo. Pamwamba pa izi galaja imasunga mabasi ena apadera olowa m'malo mwa owonongeka ndi amene ali kwa amisiri.

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, London Transport inabwereza nzeru ya B-type pamlingo waukulu. Mabasi a mtundu wa RT ndi abale ake anapangidwa pafupifupi 7,000, ofanana kotero kuti thupi la ina linkakhala bwino pa chimango cha inzake. Ambiri analowa m'malo mwa ma tram, amene anatha mu July 1952, ndipo chaka chomwecho inatsegulidwa galaja ya Stockwell, ya denga la konkire lopanda mzati pakati, yokwana mabasi 200. Chiswick inachepa, ndipo mu 1956 ntchito yokonza matupi ndi zimango inakhazikika ku Aldenham, kumpoto kwa mzinda, m'nyumba zimene anamangira sitima za njanji imene sinamalizidwe.

Zochitika ku Aldenham ndi zodabwitsa. Basi inkapitako patapita zaka ngati zinayi. Itafika, makina onyamulira ankazula thupi lonse, la mipando ndi mazenera, kulichotsa pa chimango cha pansi chonyamula magudumu, ndipo ziwirizi zinkayenda njira zosiyana. Thupi ankalipendeketsa, kulitsuka kunsi, kusintha zowola ndi kulipaka utoto. Popeza thupi linkatenga masiku ambiri kuposa chimango, ziwirizi sizinkakumananso. Chimango chikatha chinkalandira thupi lililonse limene lakonzeka. Tsono chiphaso cha basi ndi msonkho wake zinali zolipiridwa kale, ndipo kukanakhala kutaya ndalama kuzisiya zikugona milungu ingapo. Chifukwa chake nambala ya basi yolowa inkaperekedwa msanga kwa basi ina imene ikutuluka itakonzedwa. Galaja inkatumiza basi yotopa nilandira yonyezimira ya nambala yomweyo, chonsecho panalibe chitsulo ngakhale chimodzi chimene inatumiza. M'mabuku basiyo sinachoke pamsewu konse. Pa nthawi ya ntchito yambiri mabasi ngati 50 ankatuluka pa mlungu, ndipo ndi chisamaliro chotere RT yotsiriza inanyamula aulendo kufikira April 1979. Routemaster, imene inayamba kuyenda mu 1956, ya thupi lopepuka la aluminiyamu ndi mipando 64 pamene RT inali ndi 56, inapangidwa moganizira njira yomweyi ya Aldenham.

Nzeru imeneyi inali ndi msampha wake: inkagwira ntchito pokhapokha mabasi akhale ambiri ndi ofanana. Koma aulendo anayamba kuchepa pamene anthu ankagula magalimoto awoawo, ndipo kunyanyala ntchito kwa milungu 7 mu 1958 kunaphunzitsa ambiri njira zina zoyendera. Antchito nawonso ankasowa, kotero kuti kuyambira 1956 bungwe linkalemba anthu ku Barbados, ndipo pambuyo pake ku Jamaica ndi Trinidad. Magalaja ambiri anayenda zaka zimenezo chifukwa cha iwo. Pofuna kuchepetsa malipiro, bungwe linatembenukira ku mabasi a khomo lakutsogolo, oyenda ndi dalaivala yekha popanda kondakitala, ogulidwa kwa opanga wamba. A mtundu wa DMS, amene anayamba mu 1971, anali oposa 2,600, koma matupi awo sanapangidwe kuti azizulidwa ndi kusinthanitsidwa, ndipo amisiri ozolowera RT anavutika nawo. Ena anayamba kugulitsidwa mu 1979, asanathe ndi zaka 10 zomwe, pamene Routemaster yakale inkayendabe. Aldenham inatsekedwa mu 1986.

Pamenepo boma linali litasintha kale maganizo. Kuyambira 1985 misewu inayamba kuperekedwa kwa makampani opikisana pa mtengo, ndipo mu 1994 ndi 1995 magulu a mabasi a bungwe lija anagulitsidwa pamodzi ndi magalaja awo. Koma London sinabwerere ku masiku a Chocolate Express. Bungwe la Transport for London, lokhazikitsidwa mu 2000, ndilo limalemba misewu, nthawi ndi mitengo, ndipo kampani yopambana imayendetsa mabasi ofiira kwa zaka zoikika monga mwa pangano. Pa mpikisano umenewu galaja ndiyo imalemera koposa, pakuti malo aakulu ndi osowa mu London, ndipo kampani ya galaja yakutali iyenera kuika m'mtengo wake mtunda wonse woyenda popanda aulendo. Routemaster yotsiriza ya ntchito ya masiku onse, ya msewu wa 159, inalowa m'galaja ya Brixton pa 9 December 2005 khamu likuiperekeza. Mu 2016 galaja ya Waterloo inasinthidwa kukhala ya mabasi a magetsi okhaokha, ndipo wolemba ndandanda anayambanso kuwerenga chinthu chimene anachisiya mu 1911: utali wa mtunda umene basi ingayende isanabwerere kukatenga mphamvu, ndi maora amene iyenera kuima pa chingwe usiku kuti itulukenso m'mamawa.