Mjigo wa Afridev

Afridev ndi mtundu wa mjigo wopopa ndi manja womwe umapezeka kwambiri m'midzi ya ku Malawi ndi m'mayiko ena a mu Africa. Umatha kutunga madzi kuchokera pansi pozama mpaka mamita 45. Kapangidwe kake kalibe mwini: kampani iliyonse ikhoza kutenga mapulani ake n'kuupanga popanda kulipira aliyense. N'chifukwa chake ndi chitsanzo cha zipangizo zosabisa kapangidwe, ngakhale kuti unayamba malayisensi a zipangizo zotere asanalembedwe.

Chiyambi

Bungwe la United Nations linapatula zaka za 1981 mpaka 1990 kuti zikhale zolimbikitsa madzi aukhondo. Pa nthawiyo mijigo yambiri inkati ikawonongeka, anthu ankadikira amisiri a boma kwa miyezi. M'chaka cha 1981 akatswiri ku Malawi anayamba kupanga mjigo woti eni mudzi azitha kuukonza okha. Anautcha Maldev, ndipo unayamba kupangidwa mu 1982. Unayesedwa pa ntchito yokumba zitsime kumtunda kwa chigwa cha Livulezi, m'boma la Ntcheu. Mu 1983 ntchito yaikulu youkonzanso inasamukira ku Kenya mothandizidwa ndi UNDP ndi World Bank, ndipo mjigowo unadzatchedwa Afridev.

Kapangidwe

Mapaipi okweza madzi ndi apulasitiki, choncho sachita dzimbiri. Zitsulo zopopera zimakolana popanda chomangira, ndipo zamkati zonse zimatuluka osazula mapaipi. Sipanala imodzi ndi kachitsulo kowedzera valavu yapansi zimakwanira pa ntchito zambiri. Zimene zimatha msanga ndi marabala ndi mabushi, zomwe komiti ya pamjigo imagula ndi ndalama zosonkherana.

Umwini ndi miyezo

Anthu amene anaupanga sanatenge patenti. M'malo mwake mapulani ndi miyezo yake zinalembedwa m'buku limene aliyense angathe kulipeza. Bukuli limasungidwa ndi bungwe la Skat la ku St. Gallen, m'dziko la Switzerland, pamodzi ndi Rural Water Supply Network. Cholinga chinali choti sipeya ya kampani ina izilowa bwinobwino pa mjigo wa kampani ina. Boma la Malawi linasankha Afridev kukhala mjigo wa zitsime zozama, ndipo yambiri imachokera ku India.

Ufulu umenewu uli ndi vuto lake. Popeza aliyense akhoza kupanga, ena amagwiritsa ntchito zitsulo ndi marabala osafika pa muyezo. Mjigo wotere sukhalitsa, ndipo ukafa anthu amabwerera kumtsinje, komwe angatenge kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba. Mapulani paokha satsimikizira kulimba. Pamafunika oyendera katundu asanatumizidwe komanso akafika. Ku Malawi bungwe loona za miyezo ya katundu ndi Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972.

Malayisensi amene anabwera pambuyo

Malamulo olembedwa a zipangizo zosabisa kapangidwe anayambira ku zamagetsi ndi makompyuta. Mu 1997 Bruce Perens anayambitsa ndondomeko yopereka chizindikiro kwa opanga zipangizo amene amaulula mmene zimagwirira ntchito. Mu 2007 gulu la okonda mawailesi la TAPR ku America linatulutsa layisensi yoyamba yolembedwera zipangizo. Bungwe la kafukufuku la CERN linatulutsa yake mu 2011, ndipo mu 2020 linaigawa patatu: imodzi imakakamiza wosintha mapulani kugawana zonse zimene wapanga, ina imangofuna zimene wasintha pa gawo lomwe anatenga, yachitatu siikakamiza kugawana.

Bungwe la Open Source Hardware Association linakhazikitsidwa mu 2012 ndipo linayamba kupereka ziphaso mu 2016. Wopanga amalonjeza yekha kuti watsata malamulo, kenako amalandira nambala yoyamba ndi zilembo za dziko lake. Chiphasochi chimangoonetsa kuti mapulani ali poyera, osati kuti chipangizocho ndi cholimba.

Afridev sali pansi pa malayisensi amenewa. Wosintha kapangidwe kake sakakamizidwa kuuza ena, ndipo chimene chimagwirizanitsa opanga ndi buku la miyezo komanso ogula amene amaumirira kuti litsatidwe.