Injini za kumbuyo kwa boti: kuchokera ku Milwaukee kufika pa doko la Senga Bay

Ntchito yanga ndi yokonza injini za maboti, ndipo ndimaigwirira ku Senga Bay m'boma la Salima. Kale ondibweretsera injini anali asodzi okhaokha. Masiku ano kumabweranso anthu a ku Lilongwe amene agula boti la fayiba loti azisangalalira ndi ana awo Loweruka ndi Lamlungu, komanso eni malo ogona alendo ofuna kumaolotsa alendo awo kupita ku chilumba cha Namalenje. Onse funso lawo ndi limodzi: tigule injini yanji? Amafika atawerenga kale pa intaneti, mayina ali pakamwa, Mercury, Yamaha, Suzuki, Honda, Tohatsu, wina mpaka Evinrude. Ndisanawayankhe ndimafuna adziwe kumene mayinawa anachokera, chifukwa mbiri ya makinawa ndi imene inandiphunzitsa kuti injini yoyenera kugula ndi imene ingakonzedwe pamalo pamene yafera.

Ole Evinrude anabadwira ku Norway mu 1877, ndipo makolo ake anasamukira naye ku Wisconsin, m'dziko la America, ali ndi zaka zisanu. Nkhani imene kampani yake inkakonda kukamba imati tsiku lina lotentha mu 1906 iye anapalasa boti panyanja ya Okauchee kukagulira chibwenzi chake, Bess Cary, ayisikilimu, koma pobwerera anafika naye atasungunuka. Kutopa ndi nkhafi kwa tsiku limenelo akuti ndiko kunamuganizitsa zomangirira injini kumbuyo kwa boti. Sanali woyamba. Cameron Waterman anali atayesa kale yake pamtsinje wa Detroit mu 1905, ndipo ankazigulitsa. Koma ya Evinrude, imene inayamba kugulitsidwa mu 1909 ku Milwaukee, ndiyo inakhazikitsa kapangidwe kamene ndimakamasula tsiku ndi tsiku: mutu wa injini pamwamba, mwendo wotsikira m'madzi, magiya pansi otembenuzira mphamvu kumbuyo, kenako pulopela. Inali ya hosipawa imodzi ndi theka, yolemera makilogalamu 28, ndipo mtengo wake unali madola 62. Bess, amene anadzakhala mkazi wake, ndiye ankayendetsa ofesi ndi kulemba zotsatsa malonda, ndipo ine ndimaona kuti popanda mayiyu dzina la Evinrude sitikanalimva kuno.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti makinawa anayambira kwa munthu wofuna kupuma panyanja, ngati makasitomala anga a ku Lilongwe. Asodzi anabwera pambuyo, ngakhale sanachedwe, poti a ku Scandinavia anayamba kuziitanitsa zaka zoyambirira zomwezo.

Bess atadwala, Ole anagulitsa gawo lake la kampani kwa mnzake Chris Meyer, nalonjeza kuti sapanganso injini za maboti kwa zaka zisanu. Anabwerera mu 1921 ndi injini yatsopano yotchedwa ELTO, ya masilinda awiri, yopangidwa kwambiri ndi aluminiyamu kuti munthu mmodzi azitha kuinyamula. Chaka chotsatira abale a banja la Johnson anatulutsa yawo yopepuka chimodzimodzi. Pofika mu 1936 mayina a Evinrude ndi Johnson anali pansi pa kampani imodzi, imene inadzadziwika kuti OMC. Mu 1939 Carl Kiekhaefer anagula fakitale yakufa ku Cedarburg, ku Wisconsin komweko, n'kupezamo injini pafupifupi 300 zimene sitolo ya Montgomery Ward inazikana chifukwa sizinkagwira bwino. Anazikonza, anazigulitsanso kwa omwe anazikanawo, ndipo Mercury inayambira pamenepo. Munthu ameneyu ndimamulemekeza chifukwa kampani yake anaiyamba ndi kukonza injini monga makaniko. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, makampani a ku America anayamba kupikisana pa liwiro ndi kukula. Mercury inafika pa hosipawa 100 mu 1962, ndipo mu 2021 inatulutsa ya masilinda 12 ya hosipawa 600.

Injini imene ine ndinakulira nayo inalibe nawo gawo pa mpikisano umenewo. Amalume anga anali ndi British Seagull. Injini zimenezi zinayambira ku Wolverhampton m'zaka za m'ma 1930, kenako n'kumapangidwira ku Poole, kum'mwera kwa England, ndipo pankhondo asilikali a Britain anaziitanitsa zikwizikwi. Ya amalumeyo inalibe chivindikiro. Gudumu lake linali poyera pamwamba, ndipo kuti ilire umakulunga chingwe pagudumupo n'kukoka, ikakana, umakulunganso. Usanakoke umadinikiza kabatani ka pa kabuleta mpaka petulo adonthe. Inalibe giya yobwerera m'mbuyo, choncho pofika pa doko umayenera kuizimitsa nthawi ikadalipo, boti n'kumalizira lokha. Oyilo ankasakanizidwa wambiri zedi, lita imodzi pa malita 10 a petulo, moti kumbuyo kwa boti kumatsala utsi wabuluu ndi mafuta oyandama pamadzi. Pulopela yake inali yaikulu, yozungulira pang'onopang'ono, ndipo inkakoka boti lodzaza ngati ng'ombe yapangolo, yosathamanga koma yosatopa. Pulopela ikagunda mwala, chimene chinkathyoka ndi kasipuling'i kotchipa, ndipo amalume ankayenda ndi tina m'thumba. Sipanala ya pulagi ndi sukuludiraiva zinali zokwanira kumasula pafupifupi injini yonse pamchenga. Anandiuza kuti, “Mphwanga, injini ikakana yambira pa pulagi, kenako mafuta, zina zonse pambuyo.” Mpaka lero ndimayambira pomwepo. Seagull inasiya kupangidwa mu 1996.

Amene anasintha nyanja yathu ndi a ku Japan. Tohatsu inatulutsa injini yake yoyamba mu 1956, Yamaha mu 1960, Honda mu 1964, Suzuki mu 1965. Yoyamba ya Yamaha, P-7, inatengera zambiri ku injini ya njinga yamoto, ndipo inali yaphokoso ndi yonjenjemera. Msika wa anthu osangalala ku America unali utagwidwa kale ndi eni ake, ndiye Yamaha inatembenukira kwa asodzi osauka a ku Asia, Latin America ndi Africa. Amisiri ake ankapita okha m'madoko kukaona mmene injini zimavutikira: kulira tsiku lonse osapuma, m'madzi amatope, ndi mafuta osayera, m'manja mwa anthu opanda buku la malangizo. M'zaka za m'ma 1970 zimene anaphunzirazo zinabala mtundu wa Enduro, ndipo anapanganso zina zoyendera palafini za maiko amene petulo anali wodula. Pamodzi ndi injini anatumiza masipeyala ndi kuphunzitsa amakaniko. Apa m'pamene panagona kupambana kwawo.

Pitani pa doko lililonse lalikulu madzulo, ku Senga Bay kuno, ku Msaka, ku Chembe kapena ku Nkhata Bay, mudzaona zotsatira zake. Boti la matabwa lokhala ndi Enduro ya hosipawa 15, kapena 25, kapena 40, limanyamuka litanyamula chilimira ndi alovi, likukoka kapena kusenza mabwato. Pakati panyanja sigina amakhala m'bwato wake ndi nyali kuitana usipa, enawo n'kuzinga ndi khoka. Injini inawatalikitsira mwendo asodzi. Kumene nkhafi sizikanawafikitsa n'kubwerako m'bandakucha, lero amafikako. Sindibisa kuti phinduli linadza ndi mtengo wake. Nsomba zilibenso kobisala, ndipo msodzi amene kale ankadalira mikono yake tsopano amadalira pampu ya petulo. Mafuta atasowa m'dziko muno mu 2011 ndi 2012, maboti ambiri anangogona pamchenga, ndipo mabanja a alovi anavutika.

Injini ndatchulazi, kupatula za Honda ndi Mercury ya 2021 ija, zinali za two-stroke, zosakaniza oyilo m'petulo. N'zopepuka, n'zosavuta kukonza, koma za kabuleta zimataya gawo lalikulu la mafuta osapsa, nthawi zina kufika kotala, ndipo amathera m'madzi. Soichiro Honda ankakhulupirira kuti choyenda pamadzi chisamaipitse madzi, n'chifukwa chake kampani yake inayamba ndi four-stroke ndipo sinasinthe. Kwa zaka zambiri anthu ankaziona ngati zolemera ndi zodula. Malamulo ndiwo anatembenuza zinthu. Boma la America linalamula kuti utsi woipa wa injini za maboti uchepetsedwe pang'onopang'ono kuyambira mu 1998 mpaka 2006, ndipo panyanja ya Tahoe injini za two-stroke za kabuleta zinaletsedwa mu 1999. OMC inayesa kupulumutsa two-stroke ndi njira yopopera mafuta yotchedwa Ficht, koma zoyambirira zinavuta, ndipo mu Disembala 2000 kampaniyo inagwa. Bombardier ya ku Canada inagula mayina a Evinrude ndi Johnson mu 2001, n'kutulutsa E-TEC, injini yabwino ndithu, yosadya mafuta. Komabe mu Meyi 2020 analengeza kuti asiya kupanga Evinrude. Dzina limene linayamba mu 1909 linathera pomwepo. Zimandimvetsa chisoni, ndipo munthu akandionetsa chithunzi cha Evinrude yogwiritsidwa kale ntchito yotchipa ku Johannesburg, ndimamufunsa kuti kachipangizo kake ka kompyuta kakapsa akakapeza kuti.

Nanga wa boti latsopano losangalalira atani? Ndimayamba ndi kuyeza thabwa la kumbuyo pamene injini imakhala. Mwendo waufupi ndi wa mainchesi 15, wautali 20, ndipo kachitsulo kafulati ka pamwamba pa pulopela kayenera kulingana ndi pansi pa boti. Mwendo ukafupika, pulopela imameza mpweya pafunde lililonse ndipo injini imasowa madzi oiziziritsa. Ukatalika, umangokoka madzi ndi kukumba mchenga. Kenako ndimawerenga kachitsulo kamene opanga boti analembapo mphamvu imene botilo lingalandire, ndipo ndimakana kumangirira yopitirira pamenepo ngakhale mwini wake akwiye. Yochepetsetsa nayonso sindiifuna. Anthu a mumzinda amaidziwa nyanjayi m'mawa kuli bata, sanauone mwera wa mu Juni ndi Julaye, ndipo aiwala kuti nyanja yomweyi inameza sitima ya Vipya mu 1946. Boti lodzaza ndi banja lifunika mphamvu yotsalako yobwerera nayo kumtunda mphepo ikatembenuka.

Pa funso la two-stroke kapena four-stroke, maganizo anga ndi awa. Wonyamula alendo kukaona mbuna m'miyala, kapena mvuu ndi njovu mumtsinje wa Shire ku Liwonde, agule four-stroke. Ndi yachete moti anthu amatha kucheza ili mkati molira, imadya mafuta ochepa poyenda pang'onopang'ono, ndipo siisiya utsi pamadzi amene anthu a m'mbali mwa nyanja amamwa ndi kusambamo. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka chifukwa cha nsomba monga mbuna zija, ndipo sindikuona chifukwa choti munthu wa ndalama zake, wongobwera kudzasangalala, aziziwazira oyilo. Koma wogula four-stroke adziwe kulemera kwa injiniyo. Enduro ya 40 imalemera makilogalamu 70 ndi pang'ono, pamene four-stroke ya mphamvu yomweyo imayandikira 100. Imafuna kusinthidwa oyilo panthawi yake, ndipo ikagonekedwa mbali yolakwika m'galimoto oyilo amalowa m'masilinda. Wokhala kutali, kumene makaniko wapafupi amadziwa kabuleta yokha, ndimamuuza mosabisa kuti Enduro idzamufikitsa kwawo kawirikawiri kuposa injini yofuna kompyuta kuti inene chimene chikuivuta. Angosamala muyezo wa oyilo: pa 50 kwa 1, malita 20 a petulo amafuna mamililita 400.

Pali china chimene mabuku a kunja sanena za ife. Petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amadya mapaipi a labala akale. Msodzi savutika nazo kwambiri poti mafuta ake sagona. Boti losangalalira limakhala mwezi wathunthu osalira, petulo ali m'kabuleta, ndipo injini zambiri zatsopano zimene zimafika kwa ine zitakana kulira vuto lake limakhala lomweli. Ikani sefa yolekanitsa madzi ndi mafuta, ndipo musanaisunge itheretseni mafuta a m'kabuleta. Muziyang'ananso kamadzi kotuluka kumbuyo injini ikamalira. Kakasiya, zimitsani pompo, chifukwa mwina mchenga wadya impela, kapena, ngati muli mu Shire, namasupuni watseka polowera madzi.

Ena ayamba kundifunsa za injini zamagetsi monga Torqeedo ya ku Germany. Ganizoli ndi lakale kuposa Evinrude, poti Gustave Trouvé anayendetsa boti ndi mota yamagetsi mumtsinje wa Seine ku Paris mu 1881. Kwa kaboti kakang'ono kozungulira pafupi ndi gombe, kotchajidwa ndi sola, n'zabwino ndipo ndingakonde kuziona zikuchuluka. Koma ulendo wotalikira kumtunda sindinganyamule nayo ana a munthu popanda injini ina yapadera.

Yapaderayo ndimaiumiriza ngakhale kwa ogula ya petulo: kainjini ka hosipawa 5 kapena 6 pambali pa yaikulu, nkhafi ziwiri, pulagi ndi sipanala yake m'kabokosi kouma, majekete oyandamitsa okwanira aliyense. Ndipo pali chingwe chofiira chija chimene chimazimitsa injini woyendetsa akagwera m'madzi. Ambiri amachikulunga pachogwirira n'kuchiiwala. Boti limene ndamangirira injini silichoka pa doko ndisanaone chingwecho chili pamwendo wa woliyendetsa.