Innova Groove

Innova Groove ndi chimbale cha pulasitiki choponya pa masewera a disc golf, chopangidwa ndi kampani ya Innova ya ku California m'dziko la United States. Chili m'gulu la zimbale zoponyera patali kwambiri, zimene osewera amazitcha distance driver. Dzina lake linachokera pa kangalande kamene kanakumbidwa mozungulira kunsi kwa mkombero wake, pakuti mawu akuti groove m'Chingerezi amatanthauza kangalande kotere. Ngakhale kuti chinachokera ku kampani yaikulu pa masewerawa, Groove chinatchuka monga chimbale chimene osewera ambiri sachikonda, ndipo kawirikawiri dzina lake limatchulidwa mwanthabwala.

Masewera ake

Disc golf amaseweredwa motsatira malamulo ofanana ndi a gofu, koma m'malo momenya kampira ndi ndodo, wosewera amaponya chimbale mpaka chilowe m'dengu lachitsulo lokhala ndi matcheni. Wopambana ndi amene wamaliza bwalo lonse ataponya maulendo ochepa. Bwalo loyamba lokhazikika linakonzedwa ndi Ed Headrick mu 1975 ku Oak Grove Park, pafupi ndi Pasadena, ndipo mu 1976 iye anayambitsa bungwe la Professional Disc Golf Association, mwachidule PDGA. Bungweli ndilo limavomereza zimbale za pa mpikisano: chimbale sichiyenera kulemera kuposa magalamu 200, ndipo mkombero wake usapose masentimita 2.6 m'lifupi.

Wosewera amanyamula zimbale zingapo m'chikwama. Putter ndi ya pafupi ndi dengu, midrange ndi ya mtunda wapakati, ndipo driver, yokhala ndi mkombero wotakata ndi m'mphepete mosongoka, ndi yoyambira kutali.

Manambala a kaulukidwe

Innova imalemba manambala anayi pa chimbale chilichonse. Yoyamba ndi liwiro, yachiwiri ndi kuyandama m'malere, yachitatu ndi kukhotera kumanja chimbale chikadali pa liwiro lalikulu, ndipo yachinayi ndi kugwera kumanzere chikayamba kutha mphamvu. Mbalizi ndi za munthu woponya ndi dzanja lamanja kumbuyo kwa dzanja kukutsogola. Manambala a Groove ndi 13, 6, -2 ndi 2. Powerenga manambalawa munthu angayembekezere chimbale chothamanga, choyandama nthawi yaitali, chokhotera kumanja pang'ono kenako n'kubwerera pakati.

Chifukwa cha kangalande

Innova inayamba mu 1983, pamene Dave Dunipace anapanga chimbale choyamba cha m'mphepete mosongoka chotchedwa Eagle. Kuchokera nthawi imeneyo makampani akhala akukulitsa mkombero kuti zimbale zizidula mphepo mwamsanga. Destroyer, ya liwiro 12, inatuluka mu 2007, ndipo Boss, ya liwiro 13, inatsatira mu 2008. Groove chinabwera m'nyengo yomweyi.

Vuto la mkombero wotakata ndi lakuti umadya pulasitiki yambiri, choncho zimbale zothamanga zinkatuluka zolemera, zambiri zikuyandikira magalamu 175. Kangalande ka Groove kanali njira yochotsera pulasitiki mu mkombero popanda kuuchepetsa m'lifupi, kuti chimbale cha liwiro 13 chizipezekanso chopepukirako. Driver ina ya Innova yotchedwa Monarch ilinso ndi kangalande kotere. Maganizowo sanali oipa, chinavuta ndi zotsatira zake.

Chifukwa chake sichikondedwa

Dandaulo lalikulu ndi lakuti zimbale za Groove siziuluka mofanana. Zimbale zonse zimapangidwa pothira pulasitiki yosungunuka m'chikombole, ndipo ikamazizira imafota pang'ono. Kusiyana kochepa kwa kazizidwe kumasintha kutalika kwa m'mphepete ndi kutukuka kwa pamwamba, ndipo pa driver yothamanga kusiyana kosaoneka bwino ndi maso kumasintha kaulukidwe konse. Izi zimachitika pa zimbale zonse, ngakhale Destroyer, koma osewera amati pa Groove zinanyanya. China chimagwera kumanzere msanga ngati kuti nambala ya -2 ija kulibe, pamene china cha dzina lomwelo chimatembenukira kumanja osabwereranso. Pa masewerawa zimbale zimatayika m'madzi ndi m'tchire nthawi zonse, ndipo wosewera amafuna kuti akagula china cholowa m'malo chiziuluka ngati chotayikacho. Chimbale chimene sichingalonjeze zimenezi sichikhalitsa m'chikwama.

Chifukwa china ndi kagwiridwe. Poponya driver, nsonga za zala zimakanikiza mkati mwa mkombero ndipo zala zimagona kunsi kwake, pomwe pali kangalandeko. Ena sakamva n'komwe, koma ambiri amati kamawasowetsa mtendere m'dzanja, ndipo chimbale chosakhala bwino m'dzanja chimapulumuka nthawi yolakwika.

Palinso nkhani ya amene ankachigula. Nambala 13 imakopa oyamba kumene, amene amaganiza kuti chimbale chothamanga chimapita patali chokha. Zoona zake n'zakuti nambalayi imanena liwiro limene woponya ayenera kuchipatsa kuti chiuluke monga chinapangidwira. Woponya mofooka amangoona chikukwera pang'ono n'kugwera kumanzere, mwina pafupi kuposa pomwe akanafika ndi Leopard ya liwiro 6 kapena Teebird ya liwiro 7. Mlandu uwu si wa Groove chokha, ndi wa driver iliyonse yothamanga, koma unawonjezera mbiri yoipa imene inalipo kale.

Akatswiri nawo sanachitenge. Paul McBeth, amene anapambana mpikisano wa dziko lonse zaka zinayi zotsatizana kuyambira 2012 mpaka 2015 akuponya zimbale za Innova, ankadziwika ndi Destroyer. David Wiggins Jr. anaponya Boss mtunda wa mamita 338 mu 2016 m'chipululu cha ku Nevada, mtunda woposa mabwalo atatu a mpira wa miyendo olumikizidwa. Ogula amatsatira zimene akuona m'manja mwa akatswiri, ndipo Groove sichinali pamenepo.

Ntchito ya kangalande inathanso Innova itatulutsa pulasitiki ya Blizzard, yokhala ndi timathovu ta mpweya mu mkombero. Ndi pulasitikiyi, Destroyer ndi Boss zinayamba kupezeka zopepuka, zina zosakwana magalamu 150, popanda kusintha maonekedwe a mkombero umene osewera anauzolowera.

Mbiri yake pakati pa osewera

Masiku ano kunyoza Groove kuli ngati mwambo, moti anthu amene sanachiponyepo amachinyozanso. Osewera amaseka kuti munthu akalemba dzina lake pa Groove n'kuchitaya dala m'dziwe, wina amachitola n'kumubwezera. Alipo ochepa amene anapeza Groove chowayenera, ndipo amachiponya mtunda wofanana ndi wa driver ina iliyonse ya liwiro 13.