Madzi Saiwala Khwawa: Chigumula cha ku Florence, 1966

Munthu woyenda m'misewu ya mzinda wa Florence ku Italy amaona timiyala tolembedwa tomatidwa pa makoma a nyumba zakale. Timiyalati timasonyeza pamene madzi a mtsinje wa Arno adalekeza pa zigumula za mu 1333, 1557 ndi 1844. Tsono eni mzindawo ankaudziwa bwino mtsinje wao. Komabe pa 4 November 1966, mtsinjewo utasefukiranso, udapeza chuma chambiri cha mzinda ndi cha Eklezia chili m'zipinda zapansi. Nkhani imeneyi tiyenera kuilingalira ife amene tapatsidwa, kapena tidzapatsidwa, udindo wosunga zinthu za Mpingo.

Mvula idagwa masiku awiri osalekeza. Tsikulo lidali la tchuthi m'dziko lonse, kotero maofesi ndi nyumba za mabuku zidali zotseka. Madzi adalowa mumzinda atasakanikirana ndi matope ndiponso mafuta ochokera m'matanki otenthetsera nyumba. M'dera lotsika la Santa Croce adakwera pafupifupi mamita 6. Anthu 35 adafa mumzinda ndi m'madera ouzungulira.

Ku Biblioteca Nazionale, nyumba yaikulu ya mabuku yomangidwa m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mabuku, nyuzipepala ndi zolembedwa zoposa 1,000,000 zidamira m'matope. Koma chimene chidaliza anthu kwambiri ndi Mtanda waukulu wojambulidwa ndi Cimabue m'zaka za m'ma 1200, umene udali m'chipinda chakale chodyeramo Afransisko ku Santa Croce. Magawo pafupifupi 60 pa 100 alionse a utoto wake adamatuka. Madzi ataphwa, anthu adasefa matope kufunafuna tizibenthu ta nkhope ya Ambuye.

Ntchito yopulumutsa idayamba ndi manja. Achinyamata ochokera ku Italy konse ndi ku maiko ena adafika osaitanidwa, nandandalika m'mizere kumapatsirana mabuku kuchokera m'zipinda zamdima. Anthu adawatcha angeli del fango, ndiye kuti angelo a m'matope. Mkulu wa nyumba ya mabuku, Emanuele Casamassima, adaona kuti mdani wachiwiri ndi chuku, chimene chimagwira pepala lonyowa m'masiku owerengeka. Motero mabuku adatumizidwa kulikonse kumene kukadapezeka kutentha, ngakhale ku nyumba zoumitsiramo fodya. Zithunzi zojambulidwa pa matabwa zidafuna njira yosiyana, pakuti thabwa likauma msanga limapindika, utoto nkuthothoka. Izi adaziika m'nyumba yosungiramo mitengo ya mandimu m'munda wa Boboli, nazisiya ziume pang'onopang'ono. Apa akatswiri adaphunzira kuti changu chimapulumutsa buku koma chimapha chithunzi, ndipo luso lamakono lokonza mabuku oonongeka lidakula kuchokera pa ntchito imeneyi.

Usiku wa Khrisimasi wa chaka chomwecho, Papa Paul VI adabwera kudzapereka nsembe ya Misa mu katedrale ya mzindawo, kuti atonthoze anthu ake. Koma kuchira kudatenga nthawi yaitali. Mtanda wa Cimabue udaonekeranso kwa anthu mu 1976, zipsera zake zikuonekabe, pakuti okonza sadafune kupeka zimene madzi adafafaniza. Chithunzi cha Mgonero Wotsiriza cha Giorgio Vasari chidabwerera ku Santa Croce mu 2016, patapita zaka 50. Pochibwezera adachimangira zipangizo zochikwezera m'mwamba madzi akaopsa, ndipo Mtanda uja adaupachika pamalo okwera m'sakristiya. Nzeru imeneyi idali yapafupi. Timiyala tija tidakhala tikuinena zaka mazana asanu ndi limodzi.

Nanga ife titolepo chiyani? Tilibe zithunzi za Cimabue, koma parishi iliyonse ili ndi mabuku a ubatizo, a ulimbitso ndi a ukwati, ndiponso makalata a amene adayala maziko ake. Kwa akhristu ambiri, dzina lolembedwa m'buku la ubatizo ndilo chokhacho cholembedwa chimene agogo ao adasiya. Malamulo a Eklezia a 1983, pa nambala 535, amalamula bambo mfumu kusamala mabuku ameneŵa, ngakhale akale; pa nambala 1283 amafuna kuti katundu wa Mpingo alembedwe m'ndandanda, wina usungidwe pamalopo, wina ku likulu la dayosizi. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Zifuna kuti wansembe wofika pa parishi yatsopano afunse akuluakulu pamene madzi adalekeza kale, aone ngati denga likudontha kapena chiswe chalowa, ndipo achotse mabuku m'kabati ya pansi mvula isanayambe. Mtsinje wa Arno udabwerera kumene udafikako kale, ndipo mitsinje yonse imatero.