Nkhondo Yoyamba ya Agogo Inali ya M'mimba

Kwathu kwa Kadewere kulibe nyanja. Madzi aakulu amene mwana wa kumeneko amawadziwa ndi a mtsinje ukadzadza m'nyengo ya dzinja, ndipo chinthu chogwedeza kwambiri chimene amakwera ndi minibasi ya ku Limbe. Komatu m'mudzi mwathu munali nkhalamba ina imene inaoloka nyanja yamchere, kupita ndi kubwera komwe. Nkhalambayo inali agogo anga aamuna, omwe analowa usilikali wa King's African Rifles, umene iwo ankangoutchula kuti Keyala, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Ife ana tinkafuna nkhani za mfuti ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma. Iwo ankayambira pa sitima. Ankati atangochoka pa doko la Mombasa, dzuwa lisanalowe, anyamata amphamvu amene ankatha kuyenda tsiku lonse ndi katundu kumsana anali ali lambalamba pansi, aliyense akukumbatira ndowa. "Mdzukulu wanga," ankatero, "mdani akanabwera masiku atatu oyamba aja, akanatitola ngati nkhuku zachitopa. Mfuti ndinali nayo, koma dzanja loigwira linalibe mwini." Tinkaseka mpaka misozi, iwonso n'kumaseka nafe.

Panopa ndikuphunzira mbiri ku yunivesite, ndipo nkhani ija sindiisekanso ngati kale. Mabuku amawerenga zipolopolo, mayina a akuluakulu a nkhondo ndi masiku amene nkhondo zinamenyedwa. Koma nseru ya pamadzi, imene imatha kugwetsa gulu lonse la anthu popanda chilonda, saipatsa malo. Ife tomwe timaitenga ngati nthabwala kapena chizindikiro cha mantha. Ine ndikuti kuganiza kotereku n'kolakwika, ndipo kumaika miyoyo pachiswe, makamaka pamene wodwalayo ndi munthu amene ena akudalira kuti awafikitse kutsidya.

Tiyambe ndi asilikali. Anyamata a ku Nyasaland anayamba kukwezedwa sitima za panyanja yamchere kale kwambiri. M'chaka cha 1899 gulu lina linatumizidwa ku chilumba cha Mauritius, ndipo mu 1900 ena anapita ku Somaliland, ena mpaka ku Gold Coast, komwe lero ndi ku Ghana, kukamenya nkhondo ndi Aashanti. Pa nkhondo yachiwiri, asilikali a kuno anakatsika ku Madagascar mu 1942. Mu 1943 gulu lalikulu la 11th East African Division linapita ku Ceylon, dziko limene tsopano ndi Sri Lanka, lisanalowe ku Burma mu 1944. Ambiri mwa anyamatawa anali a kumtunda ngati agogo, ochokera m'minda ya chimanga ndi nandolo ya ku Chiradzulu, Zomba ndi Mulanje, oti ngakhale bwato anali asanalikwerepo. Nayenso John Chilembwe, mwana wa boma lathu lino, anaoloka nyanja ya Atlantic mu 1897 popita ku America ndi Joseph Booth, n'kubwerera mu 1900 kudzayambitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe. Choncho anthu a kumtunda tili ndi mbiri yathu ya panyanja, kungoti sitiikamba.

Nanga chimachitika n'chiyani kuti munthu wamphamvu agwe chonchi? Nkhani yake ili m'khutu, osati mumtima. Mkati mwenimweni mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika tokhala ndi madzi, komanso timatumba tiwiri tokhala ndi timiyala tating'onoting'ono. Zimenezi ndi zimene zimauza ubongo ngati thupi likutembenuka, likukwera kapena likutsika. Munthu akakhala m'chipinda cha m'sitima, maso amaona khoma ndi bedi zili chiimire, pamene khutu likunena kuti zonse zikuyenda. Ubongo ukalandira mauthenga awiri otsutsanawa, zotsatira zake ndi chizungulire, thukuta lozizira, malovu odzadza m'kamwa, kenako kusanza. Akatswiri anapeza kuti kugwedezeka kovuta kwambiri ndi kokwera ndi kutsika kamodzi pa masekondi asanu alionse, ndipo mafunde ambiri amayendetsa sitima mwa mtundu womwewu.

Umboni woti vuto lili m'khutu ndi wosangalatsa. Mu 1964, ofufuza a ku America anatenga amuna ena osamva, amene mbali ya khutu yoona za kugwedezeka inawonongeka ndi matenda ali ana, n'kuwakweza sitima pa nyanja yolusa kufupi ndi Nova Scotia ku Canada. Amunawo ankasewera makhadi mosatekeseka, pamene ofufuzawo ndi amene anadwala mpaka ntchito kuima. Tinene kuti osamvawo anali olimba mtima kuposa anzawo? Ayi. Khutu lawo silinkatumiza uthenga wosokonezawo basi. Ndiye kuti aliyense amene khutu lake lili bwino angathe kudwala, bola mafunde akule mokwanira. Horatio Nelson, mkulu wotchuka wa nkhondo za pamadzi wa ku Britain amene anafera pa nkhondo ya Trafalgar mu 1805, ankadwala nseru ya pamadzi moyo wake wonse, ndipo iye mwini analemba zimenezi m'kalata.

Wapaulendo akadwala amagona n'kudikira kuti afike. Koma bwanji akadwala ndi malinyero? Apa m'pamene nkhani imasiya kuseketsa. Kusanza ndi mbali yaing'ono chabe ya vutoli. Munthu asanafike posanza amayamba kuyasamula, tulo timamugwira, ndipo amataya chidwi ndi chilichonse. Amafuna kungokhala malo amodzi osatembenuza mutu, chifukwa kutembenuza mutu kumawonjezera chizungulire. Tsono taganizirani ntchito za m'sitima. Wina ayenera kutsikira kuchipinda cha injini, kotentha ndi konunkha mafuta, kopanda zenera. Wina ayenera kuweramira mapu ndi kuwerenga manambala. Wina ayenera kuyang'anitsitsa kutsogolo usiku wonse kuti aone mwala kapena nyali ya bwato. Munthu wanseru angathe kuzichita zonsezi akakakamizika, koma amazichedwetsa, amadumpha zina, ndipo ntchito imene palibe akumuona amaisiya kuti aichita mawa. Akasanza kangapo madzi amatha m'thupi ndipo mphamvu zimathera pomwepo. Amene sanadwale amasenza ntchito ya anthu awiri, osagona, mpaka nawonso ayambe kulakwitsa.

Akuluakulu a nkhondo yachiwiri anazindikira kuti iyi si nkhani yamasewera. Pa 6 June 1944, asilikali a mayiko ogwirizana atatsika pa gombe la Normandy ku France, ambiri anali atafooka kale ndi kusanza. Ulendowo unali utachedwetsedwa ndi tsiku limodzi chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo mabwato amene anawafikitsa kumtunda anali afulati kunsi, ovina kwambiri pa mafunde. N'chifukwa chake m'zaka zomwezo madokotala a ku Britain anayesa mankhwala osiyanasiyana n'kupeza kuti hyoscine amathandiza. Mu 1948 madokotala a pa chipatala cha Johns Hopkins ku America anayesa mankhwala a Dramamine pa asilikali amene ankapita ku Germany pa sitima yotchedwa General Ballou, ndipo anagwira ntchito. Koma mankhwalawa ali ndi msampha wake: amagonetsa, ndipo hyoscine amaumitsa kukamwa n'kuchititsa maso kuona mwachimbuuzi. Kwa wapaulendo tulo ndi dalitso. Kwa munthu amene wagwira chiwongolero ndi tsoka. Mpaka lero vuto limeneli silinatheretu, ngakhale kuti malamulo a padziko lonse a chitetezo cha panyanja amalamula kuti m'tizombo topulumukira mukhale mankhwala a nseru okwanira maola 48 kwa munthu aliyense. Amene analemba lamuloli ankadziwa kuti munthu wopulumuka ngozi angathe kufooka ndi kusanza thandizo lisanafike.

Wina anganene kuti izi ndi za nyanja yamchere, ife sizikutikhudza. Ameneyo sanaione nyanja ya Malawi mwezi wa July. Kuyambira cha mu May mpaka September kumawomba mwera kuchokera kummwera chakum'mawa, ndipo popeza nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 500, mphepoyo imakhala ndi mtunda wokwanira kukweza mafunde aakulu ikamafika kumpoto. David Livingstone, atayenda pa boti m'mbali mwa gombe lakumadzulo mu 1861, anaitcha nyanja ya anamondwe. Pa 30 July 1946, sitima yatsopano ya Vipya inagubuduzika pa mafunde a mwera kufupi ndi Florence Bay, komwe lero timati ku Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Sindikunena kuti nseru ndi imene inamiza Vipya. Chimene ngoziyo imandikumbutsa n'chakuti tsiku limene sitima imafuna manja onse ndi maso onse a amalinyero ake ndi tsiku lomwelo limene mafunde amawadwalitsa kwambiri. Zinthu ziwirizi zimabwera limodzi nthawi zonse.

Ndinaziona ndekha chaka chatha pa tchuthi cha mwezi wa July, pamene ine ndi anzanga tinkaoloka kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma. Pasanathe ola limodzi, ine mwana wa kwa Kadewere ndinali nditagwira kale chitsulo cha m'mphepete, nsima yonse nditaibwezera kwa nsomba. Pafupi nane panali mnyamata wina wogwira ntchito momwemo, wooneka kuti ndi watsopano, nkhope itatuwa ngati phulusa. Ankabisala kuseri kwa matumba a ufa kuti asaoneke. Apaulendo ena atamuona anayamba kumuseka kuti malinyero wanji wosanza, bola akanakalima kwawo. Koma bambo wina wachikulire wa pantchito yomweyo anabwera, namugwira paphewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Tiye pakati apa, mwana wanga, pamagwedezeka pang'ono. Yang'ana uko kumene madzi akumana ndi mitambo, usayang'ane pansi. Imwa madzi pang'onopang'ono. Chingwe chija ndigwira ndine." Atatero anatembenukira kwa oseka aja n'kuwauza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Bambo amene uja mwina sanawerengepo buku lonena za timachubu ta m'khutu, koma zonse zimene ananena ndi zimene sayansi imavomereza. Pakati pa sitima m'pamene pamakwera ndi kutsika pang'ono poyerekeza ndi kutsogolo kapena kumbuyo. Kuyang'ana kutali kumathandiza maso kuti agwirizane ndi khutu. Ndipo chofunika koposa, iye anachotsa munthu wodwala pa ntchito imene kulakwitsa kwake kukanavulaza ena, popanda kumuchititsa manyazi. Ankadziwa kuti thupi limazolowera. Anthu ambiri amapeza bwino pakatha masiku awiri kapena atatu ali pamadzi, ngati mmene agogo ankanenera, ngakhale kuti kuzolowerako kumatha munthu akakhalitsa kumtunda.

Apa ndi pamene pagona maganizo anga. Chaka ndi chaka anyamata a kumtunda, ena a kwathu komwe, amapita ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kukagwira ganyu ya ulovi pa mabwato a usipa, kumakoka chilimira usiku wonse. Ena amapita ku Monkey Bay kukaphunzira ntchito za pasitima kapena usilikali wa pamadzi. Onsewa amafika ndi khutu la kumtunda. Ngati chikhalidwe cha pantchito chili choti wosanza ndi wamantha, mnyamata adzabisa kudwala kwake ngati uja wa kuseri kwa matumba, ndipo munthu wobisa chizungulire ali m'mphepete mwa bwato usiku ali pafupi kugwera m'madzi. Mwini bwato wanzeru amayambitsa munthu watsopano pa masiku a bata, samupatsa ntchito yoopsa pa maulendo oyamba, amaonetsetsa kuti pali madzi akumwa, ndipo amawerengera kuti pa tsiku la mwera anthu asanu sagwira ntchito ya anthu asanu. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Zimangofuna kuti tisiye kuona nseru ngati mlandu.

Kwa ife ophunzira mbiri, phunziro lake ndi lina. Tikamapita ku Zomba n'kuima pa chipilala cha chikumbutso cha asilikali a KAR, timaganiza za anthu olimba ngati chitsulo. Anali olimbadi, koma analinso ndi mimba ndi makutu ngati athu, ndipo ena a iwo anayamba kuvutika sitima isanafike kumene kunali mdani. Agogo anamwalira ndili sitandade 4, ndisanadziwe mafunso oyenera kuwafunsa. Ndikanakhala nawo lero sindikanafunsa za mfuti. Ndikanawafunsa kuti ndani ankawapatsa madzi masiku atatu aja, ndiponso ndani ankayendetsa sitima pamene nayenso m'mimba mukumutembenuka.